Magetsi a m'galimoto, mawaya a m'nyumba

Ntchito yanga ndi ya magetsi. Ndimayala mawaya m'nyumba zatsopano pa Mzimba boma ndi m'misika ya kumwera kwa bomali, ku Jenda, Embangweni, Edingeni mpaka ku Luwerezi, ndipo ndimamanganso sola. Nyumba zambiri zimene ndagwiramo ntchito n'zomangidwa ndi ndalama za ku Joni. Mwini wake ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, amatumiza furiji, TV ndi inveta kudzera mwa matransipota, kenaka n'kundiimbira pa WhatsApp kuti ndikaone ngati katundu wafika wamoyo. Kale ankangofunsa kuti mapanelo akhale angati, mabatire angati. Masiku ano kwabwera funso lina. Munthu waona pa foni nyumba yonse ikuwala ndi magetsi ochokera m'galimoto, ndiye akuti: "Amisiri, yangayi singachite zimenezi?"

Zimene waonazo si bodza. Chivomerezi ndi madzi a m'nyanja zitasakaza Japan mu Marichi 2011, mafuta anasowa m'madera okhudzidwawo, ndipo anthu anayamba kuona galimoto yamagetsi ndi diso lina. Mu 2012 kampani ya Nissan, pamodzi ndi ya Nichicon, inatulutsa bokosi lolumikiza Nissan Leaf kunyumba, lotha kupereka mawati 6,000. Pambuyo pake kunabwera Hyundai Ioniq 5 yokhala ndi potulutsira mawati 3,600, ndi Ford F-150 Lightning ya ku America imene imafika 9,600. Koma galimoto zoterezi simungazipeze pa depoti ya Mzimba. Zoyendera magetsi okhaokha n'zosowa kuno. Zimene zimandipeza ine ndi zakale zochokera ku Japan, zotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, makamaka za haibulidi monga Toyota Aqua ndi Prius, zomwe zili ndi injini ya petulo ndi batire lalikulu pamodzi.

Ndisanagwire sipanala ndimayamba ndi masamu, ndipo ndimawerengera m'mayunitsi, chifukwa aliyense wogula magetsi a ESCOM amadziwa kuti yunitsi ndi chiyani. Leaf yoyambirira, ya 2010, inali ndi batire losunga mayunitsi 24. Ya 2017 inafika 40. Yakale ikamafika kuno batire limakhala litatopa, mwina likusunga 15 kapena 16. Nanga nyumba imadya angati? Mababu asanu ndi limodzi a LED oyaka usiku wonse sakwana theka la yunitsi. Furiji yapakatikati imadya yunitsi imodzi kapena kuposerako pang'ono pa tsiku. Kuphatikiza TV, dikoda ndi mafoni, banja losamala limatha mayunitsi awiri kapena atatu. Ndiye kuti Leaf yotopa ija ikhoza kusunga nyumba masiku anayi kapena asanu. Apa mwini galimoto amamwetulira. Kumwetulirako kumatha amama a m'nyumbamo akafunsa za kuka.

"Nanga nyemba, amisiri?"

"Amama, nyemba zibwerere pa mbaula."

Mbale imodzi ya kuka imakoka mawati 1,000 mpaka 2,000. Ketulo ndi 2,000, ayironi ndi 1,000 kapena kuposa. Mphika umodzi wa nyemba zouma ukhoza kudya magetsi amene mababu, TV ndi furiji zikanagawana tsiku lathunthu. Za chigayo kapena makina owotcherera zitsulo sitiyamba n'komwe kukambirana.

Chimene anthu amavutika kuchimvetsa n'chakuti batire ndi nkhokwe, si munda. Umatapamo zokhazo zimene unathiramo. Mphepo ya Ana itawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 pa kamodzi, ndipo mpaka 2023 magetsi ankathima maola ambirimbiri pa tsiku. Leaf yolumikizidwa ku soketi wamba ya m'nyumba imafuna usiku wonse kuti idzadze. Magetsi akamabwera maola ochepa okha, galimotoyo imakhala ikupikisana ndi furiji ndi ayironi pa maola omwewo. Haibulidi ili ndi mwayi wake, chifukwa batire likatsika injini imadziliza yokha, n'kulidzaza, n'kuzimanso. Koma batire la Aqua n'laling'ono, silikwana yunitsi imodzi, choncho magetsi enieni akuchokera mu thanki. Ndi jenereta yofatsa, yosasokosera, koma yomwa petulo. Ndipo chaka chomwecho cha 2022 tonse tinaona mizere ya galimoto pa mafilingi.

Kalumikizidwe kamene ndimachita kawirikawiri n'kosavuta kukamva. Galimoto iliyonse ya mtundu umenewu ili ndi batire laling'ono la mavoti 12 longa la galimoto zina zonse, ndipo ikakhala yoyatsa, pamene pa dashibodi palembedwa kuti READY, batire lalikulu limadyetsa laling'onolo mosalekeza. Ine ndimamangirira inveta ku laling'onolo. Ndimaletsa kupyola mawati 600 kapena 800, chifukwa kachipangizo kotsitsa mphamvu kuchoka ku batire lalikulu kali ndi malire ake, ndipo kakapsa mukakafuna ku Lilongwe kapena ku Japan komweko.

Apa ndi pamene pamaonekera mmisiri. Mawati 1,000 pa mavoti 230 ndi maampu anayi ndi kanthu, waya wamba wa 2.5 amanyamula osatentha. Mawati omwewo pa mavoti 12 amapyola maampu 80. Waya wa 2.5 atapatsidwa katundu wotere amasungunuka chikopa mukuona. Pamafunika nthambo yonenepa ya 25, yaifupi, yofinyidwa bwino m'malagi ake, osati yongopotokola ndi pulayala, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi mutu wa batire. Inveta ikhale pafupi ndi galimoto, mtunda wautali uyendedwe ndi waya wa 230. Ndimakananso mainveta otsika mtengo amene magetsi ake amatuluka odukaduka. Babu sadandaula nawo, koma furiji imang'ung'udza, kompuresa n'kumatentha, ndipo tsiku lina imangokhala chete. Furiji ikamadzuka imakoka kangapo kuposa zimene zalembedwa kumbuyo kwake, choncho inveta iyenera kukhala ndi malo opumira.

Haibulidi isagone m'galaja yotseka ikugwira ntchito imeneyi. Injini imadzilizira yokha pakati pa usiku, ndipo utsi wake uli ndi mpweya wopha wopanda fungo, womwe uja wa mbaula yolowetsedwa m'chipinda nthawi yozizira ya Juni. Iime panja, kutali ndi mawindo. Vuto ndi lakuti galimoto yoyatsa ili panja usiku imakopa maso, ndiye mpanda ndi geti zimalowanso m'masamu.

Mawaya a olenji sindiwakhudza, ndipo anyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito ndimawauza tsiku loyamba. Amenewo ndi a batire lalikulu. Mu Leaf mumadutsa mavoti oposa 350, mu Prius oposa 200.

Pali msampha wina umene wagwira anthu ophunzira bwino. Galimoto zina za ku Japan, monga Mitsubishi Outlander PHEV ndi Prius zina, zimabwera ndi soketi yakeyake ya mawati 1,500 m'kati. Mwini wake amasangalala kuti sakufunanso mmisiri. Koma magetsi a m'nyumba za ku Japan ndi a mavoti 100, pamene athu ndi 230. Chaja ya foni ndi ya laputopu zimalandira zonse ziwiri, koma furiji yochokera ku Joni singadzuke pa 100, imangolira mpaka kupsa. Pamafunika thiransifoma yokweza mphamvu, yolemera ndithu, ndipo iyenera kugulidwa molingana ndi katundu wake.

Mbali imene ndimalimbana nayo kwambiri ndi makasitomala si ya galimoto, ndi ya khoma. Njira yachidule imene anyamata ena amapangira anthu ndi chingwe cha mapulagi awiri, uku ku inveta, uku ku soketi ya pabalaza, nyumba yonse n'kuwala. Chingwe chimenecho ndikachipeza ndimachidula pamaso pa mwini wake. Choyamba, mano a pulagi yachiwiriyo amakhala ndi moto ali pamtunda, ndipo m'nyumba muli ana. Chachiwiri, munthu akaiwala kutsitsa buleka yaikulu, magetsi ake amatuluka kudzera pa mita n'kukwera pa pholo. Thiransifoma sisankha mbali. Monga imatsitsira mavoti 11,000 kapena 33,000 kufika pa 230, imathanso kukweza 230 kubwerera komweko. Munthu amene wakwera pholo kukakonza, podziwa kuti laini ndi yozima, ndi mwana wa munthu wina. Ndipo ngakhale pasakhale wokwera pholo, magetsi a ESCOM akabwerera mwadzidzidzi n'kukumana ndi a inveta, inveta imaphulika pomwepo.

Mankhwala ake ndi chenjiova, siwichi ya mbali zitatu: ESCOM, pakati pozima, ndi galimoto. Mpini wake sungagwire mbali ziwiri nthawi imodzi, ngakhale woiwala kapena woledzera aukankhe bwanji. Ndimaika yodula waya wamoto ndi wa nyutilo womwe. Kenaka ndimagawa bokosi la mabuleka pawiri. Mababu, soketi ya furiji ndi ya TV zimapita ku kabokosi kakang'ono kodutsa pa chenjiova. Kuka, giza ndi masoketi a kukhitchini zimatsala mbali ya ESCOM yokha, kuti mlendo wobwera ndi ketulo asagwetse zonse. Ndodo ya ethi ndimakhoma yanga ndi kuiyeza, chifukwa nyumba zambiri zomangidwa mwini wake ali kutali zimakhala ndi waya wobiriwira wongothera m'pulasitala. Ntchito ya pa bokosi la mabuleka ndi ya munthu wokhala ndi chilolezo cha MERA, ndipo kasitomala ali ndi ufulu wopempha kuchiona.

Adada ena a ku Embangweni anandimvetsera mpaka pamapeto, kenaka anati: "Ndiye mwati chenjiova, kabokosi, nthambo, inveta, ndodo. Amisiri, kodi si mtengo wa sola umenewu?" Ndinawayankha kuti ayandikira. Zonsezi n'zofunikanso pa sola, ndipo tsiku limene adzagule mapanelo sitidzagumula chilichonse, tidzangolumikiza. Kwa munthu amene galimoto ali nayo kale, njirayi imamupulumutsa ku kugula mabatire a asidi amene amafa m'zaka ziwiri kapena zitatu akamatsitsidwa kwambiri usiku uliwonse. Kwa munthu amene alibe, sindinamuuzepo kuti akagule galimoto kuti ayatse nyumba.

Ena amafunsa za kuphwasula batire la Leaf yochita ngozi. La mayunitsi 24 lija lili ndi timabokosi 48, ndipo n'zoona kuti timatha kusanjidwanso kukhala batire la sola. Koma lithiamu salekerera kudzazidwa mopyola, ndipo moto wake suzima ndi ndowa ya madzi. Popanda kachipangizo koyang'anira selo iliyonse, kotchedwa BMS, ntchito imeneyo ndimaikana ngakhale ndalama zikhale pa tebulo.

Palinso chimene mavidiyo a pa foni saonetsa. Galimoto imagulidwa kuti iziyenda. Kuchokera pa boma kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 100, kukwera zitunda za Chikangawa, ndipo Leaf yakale imafunika kunyamuka yodzadza kuti ikafike. Yunitsi iliyonse imene furiji yadya usiku ndi makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi ochotsedwa pa ulendo wa m'mawa. Masana, pamene dzuwa la Okutobala likuwomba pa denga ndipo mapanelo akanaidzaza ulele, galimotoyo ili pa msika wa Jenda kukatenga tomato, ndipo furiji yatsala kunyumba yopanda choidyetsa. N'chifukwa chake pa kotesheni ya ntchito yotere ndimalembapo batire limodzi lapakhoma losunga mayunitsi awiri kapena atatu, loti ligwire furiji galimoto ikachoka, ndipo mwini nyumba akati tichotsepo kuti mtengo utsike, ndimamufunsa kaye kuti galimotoyo imabwera kunyumba nthawi yanji.