Mphunzitsi Watsopano ndi Akulu Ace

Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mau awa ndi oona, koma kawiri-kawiri eni mudzi safuna kumetedwa ndi mlendo. Ici ndico cimene cipweteka mtima wa mnyamata amene angoturuka kumene ku koleji ya uphunzitsi.

M'caka ca 2022 Boma la Zambia linacotsa malipiro a sukulu, ndipo ana ambiri amene anali kungokhala pakhomo anathamangira m'makalasi. Caka comweco Boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Mmodzi wa iwo anatumizidwa ku sukulu ina ya kumudzi m'Cigawo ca Kum'mawa, kutali ndi mseu wa tala. Mkulu wa sukuluyo anamlandira ndi ulemu, nampatsa kalasi imene aphunzitsi akale onse anaikana, ya ana ocuruka koposa, ena okhala pa njerwa, ena pa dothi. Nyumba anapatsidwa yodontha. Mabuku analipo m'kabati, koma kiyi inali kuyenda m'thumba la mkuluyo. Malipiro ace nawonso anacedwa, kotero kuti ufa ndi mcere anali kutenga pa ngongole.

Pa msonkhano wa aphunzitsi mnyamatayo anaimirira nanena zonsezi pamodzi, mau ace alikunjenjemera. Mkulu wa sukulu anamuyang'ana pang'ono nati, "Kodi mwafika liti kuno, aphunzitsi?" Anzace anaseka, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Mkwiyo uli ngati madzi a mvula: ukalephera kukwera phiri, utsikira ku cigwa. Ku cigwako kunali ana. Iye anayamba kufika mocedwa, kukalipa pa zinthu zazing'ono, ndi kusiya makope osaconga sabata yathunthu. Mwana wina wamkazi amene anali kukonda kuyankha analeka kukweza dzanja. Anawo sanacimwe kanthu, koma mlandu wa akulu analipira ndi iwo.

Amene anampulumutsa ndi mai wina wacikulire, mphunzitsi wa kalasi yoyamba, amene anatsala pang'ono kupuma pa nchito. Maiyo sanamuuze kuti apirire cabe, pakuti mau otere ndi osavuta kunena kwa munthu amene nyumba yace sidontha. Anamuuza kuti alembe madandaulo ace onse pa pepala, ndipo pambali pa liri lonse alembe khomo limene liyenera kugogodwa. Pamenepo mnyamatayo anaona cimene mkwiyo unambisira. Malipiro salipira mkulu wa sukulu. Nkhani yace ipita ku ofesi ya DEBS ku boma. Madesiki ambiri agulidwa ndi ndalama za CDF, zimene m'caka ca 2022 zinakwera kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iri yonse, ndipo pempho lace liyambira kwa makolo ndi komiti ya citukuko ya m'wadi. Zimene zinali m'manja mwa mkulu wa sukulu zinatsala zowerengeka: kiyi, kalasi, ndi nyumba. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Iye anali kulandira nkhonya za anthu ena amene mnyamatayo sanawaonepo nkhope.

"Ndipo zowerengekazo," anatero maiyo, "musakazinene pa gulu. Mkulu akadzudzulidwa pamaso pa ang'ono ace ateteza mpando, ngakhale adziwe mumtima kuti mwanena zoona. Pitani nokha, mupemphe cinthu cimodzi."

Apa tisanamizane ai. Mkuluyo anali ndi mlandu wace. Kusenzetsa mlendo katundu amene eni ace amkana ndi khalidwe loipa, ndipo kutsekera mabuku poopa kuti angang'ambike kuli ngati kusunga mbeu m'nkhokwe mvula irikugwa. Koma mlandu wodziwika malire ace munthu akhoza kuunyamula ndi kupita nao pakhomo pa mwini wace.

Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Mnyamatayo analemba kalata ya malipiro, naipititsa kudzera mwa mkulu wa sukulu monga mwa lamulo la nchito za Boma, kuti adindepo cidindo. Anasunga cifanizo cace colembedwa tsiku, cifukwa mau a pakamwa auluka ndi mphepo, koma pepala la m'failo lifuna yankho. Pambuyo pace anapita yekha ku ofesi napempha mabuku makumi awiri, nalonjeza kuwawerenga ndi kuwabweza madzulo ali onse. Mkuluyo anang'ung'udza, koma kiyi anaiturutsa.

Malipiro anadza pamodzi ndi a miyezi yotsalira, ndipo ngongole ya ufa inatha. Madesiki sanafike temu imeneyo, kapena yotsatira. Kalasi inakhalabe yace. Mvula itayamba mu Novembala, iye anakokera kama wace ku ngodya youma, naika beseni pamene panali kudontha, nakhala pansi kuconga makope ndi nyali.