Kagalu Kamene Kanasowa Mwini

Anthu ambiri amadabwa akaona munthu wamkulu akulira galu monga momwe angalirire mbale wake. Amati galu ndi galu basi, akafa mpofunika kungopeza wina. Komatu a Frank Inn, amene ankaphunzitsa nyama zosewera m'mafilimu ku Amerika, sankaganiza choncho. Iwo anakhala zaka 27 akukumbukira kagalu kamodzi kotchedwa Higgins.

Kagaluka anakapeza m'chaka cha 1960 mumzinda wa Burbank, m'chigawo cha California, kumalo osungirako ziweto zosowa mwini. Kumalo otere kumasonkhanitsidwa agalu ndi amphaka otoledwa m'misewu kapena otayidwa ndi eni ake. Masiku amenewo chiweto chikakhalitsa popanda wochitenga chinkaphedwa, kuti malo apezeke a zinzake. Higgins sanali galu wamtundu wapamwamba wogulidwa ndi ndalama zambiri ayi. Anali kagalu kofiirira, kaubweya wanyankhalala, kobadwa mwa mitundu yosakanizika. Ofuna galu wodzitamira naye akadangokalambalala, koma a Inn anakanyamula n'kupita nako kwawo.

Mwina chifundo chawocho chinachokera pa zimene iwo eni anakumana nazo. Ali mnyamata anagundidwa ndi galimoto, ndipo anthu poyesa kuti amwalira anakawasiya kunyumba yachisoni. Mwamwayi wina anazindikira kuti mtima wawo unali kugundabe. Pa nthawi imene ankachira, ali pampando wamateyala, anapatsidwa kagalu koti kaziwasangalatsa, ndipo m'pamene anayambira kuphunzitsa nyama. Munthu woti anawerengedwapo kale pamodzi ndi akufa sakanachedwa kuona phindu mwa cholengedwa chimene ena anachitaya.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. A Inn anadekha naye Higgins, namuphunzitsa tsiku ndi tsiku mosatopa, mpaka luso lake linaonekera poyera. Galuyu anaphunzira kukwera makwerero, kuyasamula ndiponso kuyetsemula akangouzidwa kutero. Kuyambira mu 1964 mpaka mu 1970 ankaoneka m'sewero la pa wailesi yakanema lotchedwa Petticoat Junction, ndipo pafupifupi mlungu uliwonse ankaphunzira chinthu chatsopano. Chimene chinkagwira mtima oonera kwenikweni chinali nkhope yake. Pankhopepo pankaoneka chisoni, mantha kapena chimwemwe ngati pa nkhope ya munthu.

Sewerolo litatha, Higgins anali atayamba kukalamba, ndipo posakhalitsa anapuma pa ntchito. Koma pamene a Joe Camp ankafunafuna galu woti asewere m'filimu yawo yotchedwa Benji, maso awo anagwera pa nkhalamba yomweyi. Zoonadi galu wamkota sakandira pachabe. Filimuyo inatuluka mu 1974 ndipo inatchuka kwambiri. Nkhani yake ndi ya galu wopanda mwini amene akupulumutsa ana awiri obedwa ndi zigawenga. Anthu atamva kuti wosewerayo naye anatoledwa kumalo osungirako ziweto zosowa mwini, ambiri anapita kumalo otere kukatenga agalu n'kukawalera m'makomo mwawo. Motero kagalu kamodzi kopulumutsidwa kanapulumutsa anzake ochuluka amene sikanawaone n'komwe.

Higgins anafa mu 1975 ali ndi zaka 17, umene uli msinkhu waukulu zedi kwa galu. Ntchito sinaime ayi, pakuti mwana wake wamkazi, Benjean, analowa m'malo mwake m'filimu yotsatira ya mu 1977. Oonera ambiri sanazindikire n'komwe kuti galu wasintha. Koma a Inn ankadziwa. Mwana angafanane ndi kholo lake ubweya ndi mayendedwe, koma zaka 15 zimene awiriwa anadzukira limodzi, kugwira ntchito limodzi ndi kumvana popanda mawu, panalibe galu wina amene akanazibweza.

Monga mwa chizolowezi cha anthu ena kumeneko, mtembo wa galuyo unatenthedwa, ndipo a Inn anasunga phulusa lake m'kamtsuko m'nyumba mwawo. Anapitiriza kuphunzitsa nyama zina ndi kulimbikitsa anthu kuti azitenga ziweto zosowa mwini, koma kamtsukoko sanakataye. Asanamwalire mu 2002, ali ndi zaka 86, anapempha kuti phulusalo lidzaikidwe m'bokosi limodzi ndi iwo.

Pempho lotereli likhoza kumveka lachilendo kwa ena. Koma a Inn sankalira ndalama kapena kutchuka kumene galuyo anawabweretsera, pakuti zimenezo zinapitirira ngakhale iye atafa. Ankalira bwenzi limene analitola lili lonyozeka, limene linabweza chifundo chawo ndi kukhulupirika mpaka tsiku lake lomaliza. Bwenzi lotere, kaya ndi la miyendo iwiri kaya inayi, munthu saliiwala msanga.