Mphoto ya pepala la ophunzira ifike mpaka ku Mitundu

Ku America, bungwe la akatswiri a zinenero la Linguistic Society of America limapereka mphoto chaka chilichonse kwa ophunzira amene alemba bwino kwambiri chidule cha kafukufuku wokaperekedwa pa msonkhano wake. Ndalama zake si zogulira galimoto ayi. Chachikulu n'chakuti wophunzira amaima pamaso pa akuluakulu, ntchito yake nkutchulidwa m'dzina lake. Ine ndikufuna mphoto yotere kuno kwathu, ndipo chifukwa changa chili m'mbiri ya Chichewa chomwechi.

Mu 1937, Mark Hanna Watkins anatulutsa buku la malamulo a Chichewa atachita kafukufuku ku yunivesite ya Chicago. Amene ankamuuza mawu ndi ziganizo anali wophunzira wa ku Kasungu, Kamuzu Banda. Mwini chinenero anapereka mawu, wina nkuwasanthula. Patapita zaka 50, mu 1987, Sam Mchombo ndi Joan Bresnan analemba pepala la Chichewa limene akatswiri a maiko ambiri amaliwerengabe. Mu 2017, Al Mtenje ndi Laura Downing anatulutsa buku la kamvekedwe ka mawu a Chichewa. Apa Mmalawi anali atakhala mlembi. Funso ndi lakuti, adzatsatire ndani?

Ife ophunzira zinenero timafunsidwa kumudzi kuti, “Chichewa ukuchidziwa kale, ndiye ukukaphunziranji?” Ambiri timalemba kafukufuku wa chaka chomaliza kuti tikhoze basi, kenako pepalalo nkukagona m'kabati. Chonsecho nkhani zofufuza zili mbwee. Pa msika wa Mitundu, mawu akuti “mtengo” amatanthauza chomera kapena ndalama yogulira chinthu, malingana ndi mmene wakwezera liwu, ndipo palibe wogula amene amasokonezeka. Anyamata a kabaza ku Nathenje amapeka mawu atsopano amene mtanthauziramawu sangawapeze msanga. Alimi a fodya ali ndi mawu awo a kuchigafa ndi pozinga. Mwana wobadwira komweko amamva zimene mlendo sangamve ngakhale atabwera ndi makina ojambulira odula. Amadziwanso malire, kuti za kudambwe zina sizilembedwa.

Wina anganene kuti dziko lili ndi mavuto aakulu, mphoto ya zinenero ingodikira. Koma mlangizi wa ulimi wochokera ku Bunda akalephera kufotokoza za matenda a chimanga m'mawu amene mlimi akumva, vuto la chinenero lasanduka vuto la njala. Mwana wa Sitandade 1 akamaphunzira masamu m'chinenero chimene sachilankhula kunyumba, ndi nkhani yomweyo.

Malo oyambira alipo. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996. Madipatimenti a zinenero m'mayunivesite athu angagwirizane zochititsa msonkhano wa ophunzira kamodzi pa chaka. Ndingapemphe zitatu: mapepala aziloledwa m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina, osati Chingerezi chokha, oweruza asamaone dzina la mlembi kapena la sukulu yake, ndipo wopambana azibwerera kumene anatenga mawu kukafotokoza zimene wapeza.

Anzanga, tisadikire kuti mphotoyo iyambe yabwera. Tchuthi chikubwerachi, tengani foni, pemphani chilolezo kwa agogo, jambulani mmene amalankhulira. Pepala loti lidzapambane liyenera kuyamba lalembedwa.