Buku la amalume ndi fomu ya mwana wanga

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, amaphunzitsa pa yunivesite ina muno mu Lusaka. Loweruka lina mwezi wathawu anabwera kudzationa kuno ku Bauleni atanyamula mulu wa mapepala, pakuti Lolemba lake aphunzitsi a gawo lawo anali ndi msonkhano wounika makosi. Amayi ake akuthyakula nsima pambaula panja, iye anayala mapepalawo pathebulo nayamba kulemba. Ndinasendeza mpando kuti ndione. Kosi iliyonse inali ndi fomu yakeyake: dzina la kosi, maola ake pa sabata, mabuku owerenga, zimene wophunzira adzathe kuchita akamaliza, ndipo pansi penipeni panali kabokosi kofunsa kuti munthu wophunzira zimenezi adzalembedwa ntchito kuti. Anandifotokozera ulendo wa pepala lotere. Limayambira kwa aphunzitsi a dipatimenti, lipite ku bodi ya sukulu, likafike ku Senate, ndipo ngati ndi digiri yatsopano liyenera kukavomerezedwanso ku Higher Education Authority, bungwe limene linabadwa ndi lamulo la 2013.

Ndinamufunsa kuti, "Kodi mwanawe, munthu atabwera ndi kosi ya Chilatini, ingadutse pamenepa?"

Anakhala chete kanthawi. Kenaka analoza kabokosi kaja nati, "Atate, apa mungalembepo chiyani?"

Ndinalowa kuchipinda n'kukatulutsa buku limene ndalisunga zaka zoposa 50. Chikuto chake chinatha kalekale, amayi ake a mwanayu anachita kulisokera kansalu ka chitenje. Ndi buku la galamala ya Chilatini, ndipo mwini wake anali amalume anga.

Ndinabadwa mu 1955 kumudzi kwathu cha ku Katete, ndipo Chilatini ndinayamba kuchimva ndisanadziwe n'komwe kuti ndi chilankhulo cha anthu. Ansembe a White Fathers akabwera kudzachita Misa ankapemphera atatifulatira, tianyamata totumikira tikuyankha mawu oloweza pamtima, ife tonse titagwada duu. Kenaka kunachitika msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Rome, kuyambira 1962 mpaka 1965, umene unatsegula khomo loti Misa izichitika m'zilankhulo za anthu. Patapita zaka zochepa wansembe anatembenuka n'kuyamba kutiyang'ana kumaso, mapemphero akumveka m'Chinyanja. Amayi anga, amene sanapondeko m'kalasi, anabwera kunyumba tsiku lina akunena kuti lero ndamva zimene ndakhala ndikuvomera zaka zonsezi. Kusintha kumeneko kunali kwabwino, ndipo sindinakudandaulepo ngakhale kamodzi.

Amalume anali ataphunzira ku seminale mpaka kufika ku Kachebere, pamalire a Zambia ndi Malawi cha ku Mchinji, kumene ansembe anatsegula sukulu yaunsembe mu 1939. Sanafike podzozedwa. Anasiya, nakwatira, nabwera ku Lusaka kudzagwira ntchito yaukalaliki pa famu ina m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill. Ine ananditenga mu 1968 kuti ndizikhala nawo. Bauleni ya nthawi imeneyo inali kakomboni ka anthu ogwira ntchito m'mafamu, nyumba zadothi, madzi otunga kutali, ndipo usiku mdima wake unali wa kumudzi. M'nyumba yoteroyo, pa kuwala kwa koloboyi, ndi mmene ndinaphunzirira Chilatini. Panalibe mayeso, panalibe satifiketi. Amalume ankangoti, "Mphwanga, bwera nalo buku lija," ine n'kukhala pansi.

Sindinafike patali. Sindingathe kuwerenga Cicero kapena Virgil popanda womasulira. Koma chimene ndinatola m'nyumba muja chinandidyetsa moyo wanga wonse wauphunzitsi, ndipo ndi chimene ndinayesa kumufotokozera mwana wanga.

M'Chingerezi, wochita chinthu amadziwika ndi malo ake m'chiganizo: akhale kutsogolo. M'Chilatini amadziwika ndi mchira wa liwu. Amalume ankalemba pa sileti kuti puer canem videt, mnyamata akuona galu, kenaka n'kulemba puerum canis videt. Mnyamata akadali kutsogolo, koma tsopano woona ndi galu. Ukathamanga wagwa. Uyenera kuima pa liwu lililonse, kuliyang'ana kumchira, kulifunsa kuti likugwirizana ndi liti. Chiganizo chimodzi tinkatha nacho madzulo onse. Tsiku lina ndinadandaula kuti azungu akalewo anali ndi chilankhulo chovuta dala. Amalume anafufuta sileti nalemba kuti: chimanga zinachidya mbuzi. Anandifunsa kuti wadya mnzake ndani. Ndinati mbuzi. Anati wadziwa bwanji, poti chimanga ndicho chili kutsogolo? Ndinayang'anitsitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona ka zi- koloza mbuzi ndi ka -chi- koloza chimanga, zitabisala m'kati mwa mneni. Ndinali nditalankhula Chichewa zaka 14 osadziwa kuti chili ndi mafupa. Patapita zaka zambiri ndinamva kuti Pulofesa Sam Mchombo wa ku Malawi, amene anaphunzitsa ku Berkeley ku America, analemba zozama pa nkhani yomweyi ndipo akatswiri a zilankhulo m'maiko ambiri amaziwerenga. Ine ndinaiphunzira ku Bauleni, kudzera m'Chilatini.

Pa nthawi yomwe Chilatini chinkazilala m'matchalitchi ndi m'masukulu a kuno, ku Malawi chinkayaka. Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, mu 1981, ndipo kumeneko mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Anafunanso kuti ku Chancellor College ku Zomba kukhale dipatimenti ya maphunziro amenewa, ndipo mayi wina wachitsikana, Caroline Alexander, anagwira ntchito yoikhazikitsa pakati pa 1982 ndi 1985. Mayi yemweyo ndi amene mu 2015 anatulutsa Iliad ya Homer yonse m'Chingerezi. Amalume atamva za sukulu ya ku Mtunthama anakondwa ngati mwana. Ine ndinakondwa nawo, koma lero ndimaona kuti panali chilema. Kosi imeneyo sinakwere makwerero amene mwana wanga anandionetsa, kuchoka kwa aphunzitsi kupita kumwamba. Inatsika kuchokera kwa munthu mmodzi amene palibe ankamutsutsa. Ndipo pa koleji yomweyo ya ku Zomba, mphunzitsi ndi mlakatuli Jack Mapanje anagwidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Anthu ambiri ophunzira a m'badwo wanga akamva za Chilatini amakumbukira zimenezo, ndipo sindiwaimba mlandu. Chodabwitsa n'chakuti Kamuzu yemweyo, ali wophunzira ku Chicago, ndi amene anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chichewa imene inatuluka mu 1937. Ankadziwa bwino kuti chilankhulo chathu chili ndi mafupa. Koma sukulu yake yapamtima anaimanga pa Chingerezi, Chilatini ndi Chigiriki, aphunzitsi ake n'kuwaitanitsa kunja.

Kwa eni ake a maphunzirowa nakonso zinthu zinasintha. Oxford ndi Cambridge analeka kufuna Chilatini kwa aliyense wolowa cha mu 1960. Ku South Africa lamulo loti loya wa kukhoti lalikulu akhale ataphunzira Chilatini linachotsedwa mu 1994. Mu 2021 aphunzitsi a ku Princeton anagwirizana kuti munthu angathe kutenga digiri ya maphunziro a Agiriki ndi Aroma popanda kukakamizidwa kuphunzira zilankhulo zawo, ndipo chaka chomwecho Howard University, sukulu yotchuka ya anthu akuda ku Washington, inatseka dipatimenti yake, ophunzira akulira.

Tsono wina anganene kuti za chiyani zonsezi kwa munthu wa mu komboni, amene nkhawa yake ndi mtengo wa unga ndi malasha. Ndimayankha ndi zimene ndinaona pa 16 Ogasiti 2017, tsiku limene a Hakainde Hichilema anatulutsidwa pa mlandu woukira boma. Ndinali mu minibasi yochokera m'tauni kubwera ku Bauleni, ndipo basi yonse, kuyambira kondakitala mpaka amayi ogulitsa tomato, inkalankhula Chilatini. Aliyense ankati awapatsa nolle. Mkangano unabuka: ena ankati ndiye kuti khoti lawapeza osalakwa, ena ankati ayi. Ndinawauza kuti nolle prosequi ndi kunena kuti wozenga sakufuna kupitiriza, basi, ndipo mlandu wotere ungathe kudzutsidwanso. Mnyamata wina anandifunsa ngati ndine loya. Ndinati ndine mphunzitsi wa pulaimale wopuma ntchito. Anthu a kuno amakwera basi kukalumbira pa afidaviti mwana akafuna chitupa, osadziwa kuti liwulo limangotanthauza kuti walumbira. Malamulo amene amatimanga, mayina a matenda amene amatipha, mayina a mbewu m'mabuku a alangizi, zonsezi zavala Chilatini ndi Chigiriki. Dziko la anthu ochuluka chonchi liyenera kukhala ndi anthu ake, ngakhale ochepa, otha kuvula mawu amenewa chovala n'kutiuza chimene chili m'kati. Kunja kwa maseminale, ngati ya St Dominic's imene ili pafupi ndi ife pano, sindiona kumene mwana wa ku Bauleni angapite kukaphunzira zimenezi lero.

Komabe chimene chimandipweteka kwambiri si Chilatini. Pamene chinkachoka, tinauzidwa kuti malo ake alowa zilankhulo zathu. Ndinakhulupirira, ndipo ndinali wokonzeka. Tili nawo mabuku akale oyenera kuwerengedwa mwa njira ya amalume ija, liwu ndi liwu. Samuel Josia Ntara analemba Nthondo, buku limene linapata mphotho n'kusindikizidwa mu 1933, ndipo Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Analembanso Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza. Kuli Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe. Kuli Buku Lopatulika la 1922, limene Chichewa chake chinaumba kalankhulidwe ka mibadwo itatu. Kuno kwathu kunali Julius Chongo, amene pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo inkatisonkhanitsa pa wailesi imodzi nyumba zisanu, ana n'kukhala chete osachita kuwakalipira. Munthu ameneyo ankaluka Chinyanja moti ukamva kalulu akuthamanga unkaona fumbi. Ernst Wendland, mphunzitsi wa ku seminale ya Lutheran muno mu Lusaka, anasonkhanitsa nthano zakezo n'kuzifufuza mozama. Awa ndiwo akale athu. Chaka chatha ndinayenda m'masitolo a mabuku m'tauni kufunafuna Nthondo kuti ndigulire mdzukulu wanga, ndipo ndinabwerako chimanjamanja. Wogulitsa wina, mwana wa kwathu ku Chipata, dzinalo anali asanalimvepo.

M'masukulu namo takhala tikupita uku ndi uku. Mu 2014 boma linalamula kuti ana a Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo za m'dera lawo, ndipo muno mu Lusaka chinali Chinyanja. Silabasi ya 2023 yabwezanso Chingerezi patsogolo. Zonse ziwiri zimakangana za chilankhulo chophunzitsira mwana wamng'ono. Palibe imene imafunsa kuti mwanayo akakula adzawerenga chiyani chozama m'chilankhulo chake. Ku University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, maphunziro a zilankhulo za m'dziko muno alipo, ndipo aphunzitsi ake ndimawalemekeza. Koma munthu angathe kutenga digiri ya zamalamulo, zaulimi kapena zaunamwino pa mayunivesite athu, n'kupita kukatumikira anthu a ku Petauke, asanakhalepo pansi ndi tsamba limodzi la Chinyanja chokhwima.

Mwana wanga anamvetsera zonsezi nsima ikuzizira. Sanavomere zonse. Anandikumbutsa kuti makolo amagulitsa mbuzi ndi ng'ombe kuti mwana aphunzire, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti digiriyo idzabweza chiyani. Anandiuza za anyamata a digiri amene akugulitsa mathokotaimu pa siteshoni. Akunena zoona, ndipo kabokosi kaja sindikufuna kuti kachotsedwe. Chimene ndikukana n'chakuti kakhale kokha koweruza. Loya wosatha kuima pa liwu limodzi amamangitsa munthu wosalakwa. Namwino wowerenga mothamanga amapereka mankhwala olakwika. Luso la kuwerenga modekha limaphunziridwa pa mawu akale ovuta, amene sakulola kuti uwalumphe, ndipo ndi luso la ntchito iliyonse ngakhale lilibe dzina la ntchito.

Pochoka anatenga buku la amalume, anatenganso fomu imodzi yosalembapo.

Inu amene mumakhala m'mabodi ndi m'ma Senate, ndikupempha zinthu ziwiri. Ikani kosi imodzi, ya chaka choyamba, imene wophunzira aliyense aziwerengamo mabuku akale a chilankhulo chimodzi cha m'Zambia, kaya Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi kapena china, pang'onopang'ono ndi mphunzitsi wodziwa. Ndipo siyani kakhomo kotsegula, ngakhale ka ophunzira khumi pa chaka, ka ofuna Chilatini ndi Chigiriki. Inunso owerenga, ngati m'sutikesi ya agogo muli Nthondo, Msyamboza kapena kaseti ya Julius Chongo, musazisiyire chiswe. Zitulutseni, muwawerengere ana madzulo ano, ndipo mukatha mubwereke mphunzitsi wa pa sukulu imene muli nayo pafupi.