Ndege ya a Malume ndi Thumba la Agogo

Ku Ntengo-Wambalame kuli mtsikana wina wa m'kalasi yoyamba. Amakhala ndi amayi ake ndi agogo ake. Kwawoko ndi kumapiri, m'boma la Tsangano. Anthu amalima mbatatesi, nyemba, cimanga ndi tirigu. Kumazizira ndithu. Mwezi wa Juni ana amapita kusukulu atabisa manja m'khwapa.

Mtsikanayu ali ndi amalume ake. Iwo amayendetsa ndege. Si ndege yaikulu ija imadutsa m'mwambamwamba n'kusiya mzere woyera ayi. Ndi kandege kakang'ono, ka mipando 4 ndi injini imodzi.

Caka cina, mwezi wa Okutobala, a Malume anabwera kumudzi kudzatsazika. Eni ndege anawatuma kuti akatule kandegeko ku Windhoek, mzinda waukulu wa dziko la Namibia. Ku Windhoek n'kumene kumakhala mwana wotsiriza wa Agogo, mlongo wa a Malume. Panali patapita zaka zitatu Agogo osamuona.

Agogo atamva za ulendowo sanafunse zambiri. Anatenga thumba. Anasankha mbatatesi imodziimodzi, zazikulu zokhazokha, zopanda bala. Thumba linadzaza, makilo 50. Analisoka pakamwa n'kuliimika pakhomo.

"Ili ndi la mlongo wako," anatero Agogo.

A Malume analiyang'ana thumbalo. Sanayankhe kanthu.

Madzulo anayala mapu pamphasa. Mtsikana anatola miyala inayi, anapanikiza mapu m'makona kuti mphepo isawaulutse. A Malume anatenga pensulo.

"Pano ndi ku Tete," anatero. "Ndege ili pabwalo la Chingodzi, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi. Tikanyamuka pamenepo titera ku Harare, kenaka ku Bulawayo. Ndiko tikagone. Tsiku laciwiri tipita ku Maun, m'dziko la Botswana. Tsiku lacitatu tiwoloka cipululu ca Kalahari mpaka ku Windhoek."

"Cipululu n'ciyani, a Malume?"

"Ndi dziko la mcenga, mwanawe. Mvula imagwa pang'ono. Kuli tiudzu ndi timitengo taminga. Ungauluke nthawi yaitali osaona mtsinje wa madzi, osaona denga la nyumba. Tisanafike ku Maun tiona malo ena oyera mbee, ochedwa Makgadikgadi. Kalekale inali nyanja. Madzi anaphwa, panatsala mcere."

Mtsikana anaika cala pa Tete, cala cina pa Windhoek. Manja ake anatambasuka ndithu.

"Bwanji osangopita tsiku limodzi?"

"Cifukwa ca dzuwa. Ife tiziuluka m'mawa mokha. Dzuwa likamatuluka, ife tili m'mwamba. Lisanafike pamutu, ife tatera, takhala pamthunzi."

Mtsikana anaseka. Anaganiza kuti a Malume akuopa thukuta. Koma nkhani sinali ya thukuta ayi.

Ndege imayenda pa mpweya. Mapiko ake amatsamira pa mpweya, ngakhale mpweyawo suoneka ndi maso. Injini nayo imapuma mpweya. Tsono mpweya sukhala cimodzimodzi nthawi zonse. Wa m'mawa ndi wozizira, ndiponso ndi wolimba. Wa masana ndi wotentha, ndiponso ndi wopyapyala.

A Malume anapempha mbale ziwiri za phala. M'mbale imodzi munali phala lolimba. M'mbale ina anathiramo madzi ambiri. Anaimika supuni m'phala lolimba, supuni inaima. Anaimika supuni m'phala la madzimadzi, supuni inagwa.

"Waona? Mpweya wa m'mawa uli ngati phala lolimba ili. Umagwira ndege. Mpweya wa masana uli ngati phala ili la madzimadzi. Ndege imathamanga, imathamanga, koma osadzuka msanga. Bwalo likatha isanadzuke, imakagunda mitengo."

Mtsikana anadya phala lolimba lija. La madzimadzi anapatsa galu.

Ku Tete mwezi wa Okutobala kumatentha koopsa. Masiku ena kutentha kumapitirira madigiri 40. Mwana wa ku Tsangano akatsikira kumeneko amasowa pogwira, usiku tulo sitibwera. Koma pali cinthu cinanso. Mpweya umapyapyala ndi kutentha, umapyapyalanso ndi kukwera. Tete ali m'cigwa, pansi penipeni. Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kucokera pa nyanja ya mcere. Windhoek ali pamwamba kuposa pamenepo. Kutentha ndi kukwera zikakumana pabwalo limodzi, kandege kamafooka kawiri.

"Ndiye kamvuluvulu umam'dziwa?" anafunsa a Malume.

"Inde. Amanyamula masamba ndi mapepala pabwalo la sukulu."

"Amabwera nthawi yanji?"

Mtsikana anaganiza. "Masana."

"Eya. Masana nthaka ikatentha, mpweya umakwera m'mwamba mwamphamvu. Miimba imakondwa. Imangotambasula mapiko, mpweya n'kumaikweza. Koma kandege kamadumphadumpha ngati ngolo panjira ya miyala. Munthu amacita nseru, amatopa, ndipo wotopa saganiza bwino."

Nthawi yonseyi Agogo anali cete pakhonde, akusenda mtedza. Anamva zonse. Potsiriza anatsokomola.

"Phala ndalimva. Miimba ndaimva. Nanga thumba langa?"

A Malume anavula cipewa. Anasendera pafupi, anakhala pansi.

"Amayi, thumbali sinditenga."

Agogo anasiya kusenda.

"Galimoto ya ku Ulónguè imanyamula matumba makumi angati? Njinga ya kapalasa imanyamula matumba awiri. Ndege yako ikanike thumba limodzi? Mwana wanga ali kwa eni, akudya za m'sitolo zokhazokha. Iwe ukafike manja lendelende?"

Agogo sanalakwe kufunsa. Munthu sapita kwa mbale wake cimanjamanja, ndipo mbatatesi zija anazilima ndi msana wawo.

A Malume anaitana mtsikana. "Bwera ndi kope lako. Tiwerengere Agogo."

Anayamba ndi mafuta. Kandegeko kamamwa pafupifupi malita 30 pa ola limodzi, ndipo pa ola limodzilo kamayenda pafupifupi makilomita 200. Kucokera ku Maun kufika ku Windhoek ndi makilomita oposa 700. Ndiye kuti maola 4 m'mwamba. Mtsikana analemba 30 kanayi. A Malume anam'thandiza kuphatikiza. Anapeza 120.

"Ndiye mutenga malita 120?"

"Iyayi, tidzaza matanki onse, malita 200. Mphepo ikhoza kuwomba kucokera kutsogolo, ndege n'kumayenda pang'onopang'ono. Utsi wa moto wa m'chire ukhoza kutibisira njira. Galimoto mafuta akatha imaima pambali pa msewu. Ndege ilibe pambali."

Mafuta amalemera. Anthu amalemeranso, ndipo paulendowu anali awiri, a Malume ndi mnzawo woyendetsa ndege. Atacotsa mafuta ndi anthu, panatsala makilo 90 okha. Mtsikana analemba 90 pamwamba pa tsamba.

Coyamba ndi madzi akumwa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. A Malume anati malita 30. Mtsikana anacotsa, panatsala 60. Kenaka zovala, zitsulo zokonzera injini, zingwe zomangira ndege, mankhwala, lona ya mthunzi, macesi ndi kagalasi. Zonsezi makilo 40. Panatsala 20.

"Madzi onsewo a ciyani?" anafunsa Agogo. "Mukukasamba m'mwamba?"

"Injini ikadwala tili pakati pa cipululu, titera pamcenga. Pamenepo sitiyenda pansi kukafuna mudzi. Tikhala pafupi ndi ndege, pansi pa phiko. Tisananyamuke timauza a pabwalo njira yathu ndi nthawi yofikira. Tikacedwa, amatumiza anthu kudzatifuna. Wofunayo ali m'mwamba saona munthu, koma ndege amaiona. Kagalasi aka tiziphanimitsa ndi dzuwa kuti atione msanga. Akhoza kutipeza tsiku lomwelo. Akhoza kutipeza patapita masiku awiri. Masiku amenewo, Amayi, mbatatesi yaiwisi sindingamwe."

Agogo anayang'ana kumbali. Mtsikana anayang'ana m'kope.

"Koma patsala 20, a Malume. Tengani mbatatesi za makilo 20."

"Makilo amenewo ndawasiyira dzuwa. Ndege ikadzaza mpaka pakamwa, tsiku lotentha imavuta kudzuka. Ndifuna ipepukeko."

Pamenepo a Malume anasimba nkhani ziwiri za kale, zonse za ku Bulawayo, kumene anati akagone. M'caka ca 1920, amuna awiri, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, ankauluka kucokera ku England kupita ku Cape Town. Ndege yawo inkachedwa Silver Queen II. Ku Bulawayo anaidzaza mafuta ambiri, inalemera. Ponyamuka inakanika kukwera bwino, inagwa n'kuphwanyika. Iwo anapulumuka, koma ulendo anautsiriza ndi ndege ina.

M'caka ca 1928, mayi wina wa ku Ireland, dzina lake Mary Heath, ananyamuka yekha ku Cape Town kupita ku London. Kandege kake kanali kopanda denga. Ali pafupi ndi Bulawayo, dzuwa linamuwomba m'mutu ndi m'khosi. Anacita cizungulire. Anakakamiza maso mpaka anateretsa kandegeko m'chire, n'kukomoka. Anthu a kumudzi ndiwo anam'peza n'kumusamala. Atacira anapitiriza ulendo, ndipo anafika ku London mwezi wa Meyi caka comweco.

"Mayi yekhayekha?" anafunsa mtsikana.

"Yekhayekha."

Agogo anapukusa mutu. "Makolo ake anali kuti?"

Usiku umenewo Agogo sanalankhulenso ndi a Malume. Nsima anaika, ndiwo anaika, koma mawu ayi. Thumba linagona pakhomo pomwepo.

M'bandakuca mtsikana anadzuka ndi fungo la mtedza. Anapeza Agogo kukhichini, akukazinga mtedza m'phale. Anathira mcere pang'ono, anauyanika m'licero. Utazizira anauthira m'kathumba ka nsalu. Kenaka anati:

"Mdzukulu wanga, thamanga kwa a sitolo ukabwereke sikelo."

Sikelo inabwera. Agogo anakoleka kathumba okha. Anaitana a Malume.

"Werenga wekha. Ine maso anatha."

"Makilo 2, Amayi."

"Dzuwa lako lingakane makilo 2?"

A Malume anaseka mpaka misozi. "Silingakane."

"Ndipo usadye panjira. Ndi wa mlongo wako. Madzi ako aja, malita 30, akwana? Onjezera."

Mtsikana anatenga kope. Pa 20 anacotsa 2, panatsala 18. A Malume anati aonjezera madzi malita 5. Anacotsanso, panatsala 13. Anawaonetsa a Malume, iwo anati wakhoza.

Tsiku lomwelo a Malume anakwera galimoto yotsikira ku Tete, kudzera ku Moatize. Anali ndi zina zoti akacite asananyamuke. Anafunika kuimba foni ku Bulawayo ndi ku Maun, kufunsa ngati mafuta a ndege alipo. Anafunika kufunsa a zanyengo za mphepo ndi mitambo. Pamapu anazunguliza tawuni ya Ghanzi, imene ili ndi bwalo m'kati mwa Kalahari, kuti zikavuta akatere pamenepo.

Masiku atatu a ulendo, mtsikana ankadzuka dzuwa lisanatuluke. Ankaima panja atafunda citenje ca amayi ake. Ankati, "Tsopano anyamuka." Ali m'kalasi, mthunzi wa mtengo ukafupika, ankanong'oneza mnzake kuti, "Tsopano atera."

Agogo sanafunse kanthu. Koma tsiku lacitatu sanapite kudimba. Anakhala pakhonde, foni ya amayi a mtsikana ili pamiyendo pawo. Masana kamvuluvulu anadutsa pabwalo, anagwetsa licero. Agogo anam'tsata ndi maso mpaka anazimirira kuseri kwa nkhokwe.

Foni inalira nsima ya masana isanapse. Anali mwana wotsiriza uja, ku Windhoek. Mawu sankamveka bwino, cifukwa anali ndi mtedza m'kamwa.

"Afika, Amayi. Afika bwino. Akugona pampando, nsapato osavula."

"Kathumba kafika kodzaza?"

"Kodzaza, Amayi. Koma akuti panali thumba la mbatatesi. Lili kuti?"

Agogo anayang'ana pakhomo.

"Lili pompano. Ukalifuna, ubwere udzadye kuno."