Kalata kwa Mdzukulu: Za Chotchinga cha Kunsi kwa Injini



Kalata ino ikuchokera kwa agogo ake a mdzukulu, ndipo ikuyankha funso limene mdzukuluyo anafunsa, loti kodi galimoto imafunikiradi chotchinga chapulasitiki cha kunsi kwa injini, chimene amakaniko amachitchula kuti kava, ndipo ena mwa iwo amachisiya m'galaja akatha kusintha oyilo ponena kuti n'chongokongoletsa. Yankho la agogo ndi lakuti galimoto idzalira ndi kuyenda ndithu popanda chotchingacho, koma munthu woyenda m'misewu ya m'Malawi sayenera kulola kuti chitayidwe.

Magalimoto ang'onoang'ono amene achuluka m'dziko muno, monga Toyota Vitz, Toyota Sienta ndi Honda Fit, ambiri amagulidwa ku Japan atagwirako kale ntchito, amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa chipata cha Songwe, ndipo popeza anapangidwira misewu yosalala ya phula, kunsi kwake kuli pafupi kwambiri ndi nthaka. Galimoto yotere ikamayenda mu msewu wafumbi, kapena m'matope a nyengo ya dzinja kuyambira Novembala kufikira Epulo, mchenga, timiyala ndi madzi zimathovukira m'chipinda cha injini, m'mene muli ziwalo zimene sizigwirizana ndi litsiro. Chimodzi mwa izo ndi alternator, kachipangizo kopanga magetsi odzaza batire galimoto ikamayenda, kamene kali ndi mipata yolowera mphepo yokaziziritsa, ndipo matope amalowera m'mipata yomweyo. China ndi lamba wa labala amene amazunguza alternator, ndipo pa magalimoto ambiri amazunguzanso pampu ya madzi oziziritsa injini. Lambayu akanyowa amaterereka ndi kulira mokwiyitsa, mchenga ukamalowa m'mizere yake amatha msanga, ndipo akaduka pa ulendo batire imaleka kudzaza pamene injini ikhoza kutentha mopitirira muyeso m'mphindi zochepa. Palinso malo olumikizira mawaya a magetsi, amene amachita dzimbiri akamanyowa kawirikawiri, ndipo vuto lochokera pamenepo limasautsa kulipeza chifukwa limaoneka lero n'kubisala mawa. Kuwonongeka konseku kumabwera pang'onopang'ono, n'chifukwa chake anthu ambiri saganiza kuti gwero lake ndi chotchinga chimene chinatsala ku galaja miyezi ingapo m'mbuyomo.

Chotchingachi chimathandizanso kuti mphepo idutse bwino kunsi kwa galimoto, zimene zimapulumutsa mafuta pang'ono pa ulendo wautali wa mu msewu wa M1, chimachepetsa phokoso la injini, ndipo pa magalimoto ena chimawongolera mphepo kuti idutse mu radiator, chiwiya chimene madzi otentha a injini amazizirira. Agogo saona kupulumutsa mafutako ngati chifukwa chachikulu, pakuti pa liwiro la m'tauni kusiyana kwake sikuoneka n'komwe.

Mdzukulu ayenera kudziwanso malire a pulasitiki ameneyu, chifukwa kumudalira mopitirira kumawononga injini. Kunsi kwa injini kuli sampu, beseni losungira oyilo, ndipo galimoto ikagunditsa kunsi pa mwala waukulu, pa hampu yaitali kapena m'dzenje lakuya, pulasitiki amangosweka ndipo sampu ikhoza kubooka, oyilo n'kutayika yense, injini n'kuwonongeka. Woyenda kawirikawiri m'misewu yamiyala ya kumidzi amafunika chotchinga chachitsulo kapena cha aluminiyamu, chomangidwa ndi wodziwa ntchito kuti chisatseke njira ya mphepo. Chotchinga cha mtundu uliwonse sichiletsanso madzi akuya kulowa m'njira yopumira injini, choncho mtsinje wosefukira suwolokedwa podalira icho.

Amene amachichotsa ali ndi mfundo zawo zomveka, pakuti chimabisa kudontha kwa oyilo, amene amayamba wasonkhana pamwamba pake mwini galimoto asanaone kanthu pansi, ndiponso chimasunga udzu wouma umene ukhoza kuyaka ukakhudzana ndi paipi yotentha ya utsi. Zimenezi zikutanthauza kuti nthawi iliyonse yosintha oyilo chotchingacho chimasulidwe, chiyang'anidwe ngati chanyowa ndi oyilo, chitsukidwe ndi kubwezeredwa, ndipo mdzukulu asanachoke pa galaja awerame ndi kudzionera yekha kuti mabawuti ndi timapini tapulasitiki tochigwira zonse zabwerera m'malo mwake. Ngati chang'ambika ndipo chikukhukhuluzika pansi, achimangire bwino kapena achichotse kaye, chifukwa cholendewera chikhoza kukodwa ku tayala kapena kuthothokera mu msewu n'kuchititsa ngozi kwa wobwera m'mbuyo, kenako afunefune china kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto ophwasulidwa mvula yoyamba isanagwe.

Kumudzi kuno onse ali bwino ndipo akupereka moni.

Ndi agogo ake a mdzukulu.