Mpando Sudulidwa Pakati

Charles W. Seaton sanali wandale. Anali mlembi wamkulu ku ofesi ya kalembera m'dziko la America, munthu wa mapepala ndi manambala. Kalembera wa 1880 atatha, iye anakhala pansi kuwerengetsa mipando imene chigawo chilichonse chiyenera kulandira m'Nyumba ya Malamulo molingana ndi chiwerengero cha anthu ake. Popeza aphungu anali asanagwirizane za kukula kwa nyumbayo, anayesa nambala iliyonse kuyambira mipando 275 mpaka 350. Apa m'pamene anaona malodza. Mipando ikakhala 299, chigawo cha Alabama chinkapeza 8. Ikakhala 300, chinkapeza 7.

Seaton sanaphonye masamu ayi. Chilema chinali m'njira yogawira, imene inatchuka ndi dzina la Alexander Hamilton. Njirayi poiona imaoneka yachilungamo: chigawo chilichonse chimayamba chalandira mipando yathunthu imene anthu ake akukwanira, ndipo mipando yotsala imapita kwa amene ali ndi anthu otsalira ochuluka.

Mlangizi aliyense amene anagawapo katundu wosaduka angamvetse msanga. Tiyerekeze makalabu atatu a ulimi wothirira, a alimi 100, 60 ndi 20, akugawana mapampu opondaponda anayi. Alimi onse ndi 180, choncho pampu imodzi ikuimira alimi 45. Kalabu yaikulu itenga awiri n'kutsala ndi alimi 10, yapakati itenga imodzi n'kutsala ndi 15, pomwe yaing'ono siikwanira ngakhale imodzi ndipo alimi ake 20 onse ndi otsalira. Pampu yachinayi ipita kwa iyo. Tsono kubwere pampu yachisanu. Pampu imodzi tsopano ikuimira alimi 36, ndipo otsalira ndi 28, 24 ndi 20. Mapampu awiri otsala apita ku makalabu aakulu, yaing'ono ija ibwerera chimanjamanja. Palibe wabera mnzake, palibe wakondera m'bale wake, koma tayesani kufotokozera zimenezi alimi 20 amene anali atakonza kale dimba.

Mkangano umenewu sunayambe ndi Seaton. M'chaka cha 1792, George Washington anakana kusainira lamulo logawa mipando motsatira Hamilton, ndipo aka kanali koyamba kuti pulezidenti wa dzikolo akane lamulo lochokera kwa aphungu. M'malo mwake anatsata njira ya Thomas Jefferson, yomwe imapendekera ku zigawo za anthu ambiri. Chigawo chachikulu koposa nthawi imeneyo chinali Virginia, kwawo kwa Jefferson ndi Washington yemwe. Pa mipando 105, Virginia inapeza 19 ndipo Delaware inapeza umodzi. Ikanakhala njira ya Hamilton, Virginia ikanapeza 18, Delaware iwiri. Nkovuta kukhulupirira kuti akuluakuluwo sankadziwa komwe masamu awo ankapendekera.

Zomwe Seaton anapeza, aphungu anangozilambalala posankha mipando 325, pamene Alabama inapeza 8 yake. Njira ya Hamilton inadzasiyidwa pambuyo pake, ndipo kuyambira 1941 dzikolo limagwiritsa ntchito njira ya Huntington ndi Hill. Chigawo chilichonse mwa 50 chimayamba chapatsidwa mpando umodzi, kenaka mipando 385 yotsala pa 435 imaperekedwa umodziumodzi kwa chigawo chimene masamu akuonetsa kuti chapanikizika kwambiri pa nthawiyo. Malodza a Alabama sangachitikenso m'njira imeneyi. Komabe kusankhidwa kwake nako sikunali kwa masamu okhaokha: kunasungira chigawo cha Arkansas mpando umene ukanapita ku Michigan, ndipo Arkansas chinali chigawo chodalirika cha chipani cholamula.

Akatswiri awiri a masamu, Michel Balinski ndi Peyton Young, anadzatsimikiza kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kuti njira yopanda chilema kulibe. Imene imaonetsetsa kuti palibe chigawo chopyola kapena kuperewera gawo lake ndi mpando wathunthu, nthawi zina imalanda mpando chigawo chimene anthu ake akuchuluka mofulumira n'kuupereka kwa chimene chikukula pang'onopang'ono. Imene imapewa zimenezi, nthawi zina imaphonya gawo loyenera. N'chifukwa chake njira yogawira iyenera kugwirizanidwa manambala asanadziwike, pakuti akadziwika aliyense amasankha masamu omukomera.

Ndipo njira ikakhazikika, mlandu wonse umagwera pa kalembera. Pa kalembera wa 2020, chigawo cha New York, cha anthu oposa 20 miliyoni, chinatsika kuchoka pa mipando 27 kufika pa 26, ndipo mpando womaliza pa 435 unapita ku Minnesota. Kuti New York isunge mpandowo, pankafunika kuti awerengedwe anthu ena 89 okha, ochepa kuposa alimi a kalabu yaikulu ija.